Mtima sufunsa chifukwa chimene munthu sakudyera

Kuno kuchigwa cha Shire, ukanena kuti alipo matenda amene amachititsa munthu kuopa nsima ili pamphasa, ambiri amaseka. Kuwaimba mlandu n'kovuta. Awa ndi anthu amene anathawa madzi mu Januwale 2015, kenako namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Chaka cha njala amalowa m'madambo a Ndindi ndi Elephant Marsh kukazula nyika, ng'ona zili chapafupi. Munthu wotero ukamuuza za mtsikana amene chakudya chilipo koma akuchikana, amati amenewo ndi matenda a azungu, kapena matama a ana a mabwana a ku Blantyre.

Koma mtima wa munthu sudziwa kusiyanitsa. Kaya chakudya chasowa chifukwa mapira akokoloka ndi madzi, kaya chasowa chifukwa mwini wake akuchibisa pansi pa bedi ku hositelo n'kukachitaya usiku, zimene zimachitika m'chifuwamo n'zofanana. Ndipo chodabwitsa n'chakuti zambiri zimene madokotala amaopa pa matenda amenewa, amayi a ku Nsanje ndi Chikwawa amene anagonapo ndi mwana wonyentchera m'chipatala anaziona kale ndi maso awo.

Matendawa alipo amitundu ingapo, koma odziwika kwambiri ndi atatu. Pali anorexia nervosa, pamene munthu amadzimana chakudya mpaka kutsala mafupa, koma akadziyang'ana pagalasi amaona ngati akadali wonenepa, kapena amagwidwa mantha aakulu akangoganiza zowonjezera thupi. Dokotala wina wa ku London, William Gull, ndi amene anawatcha dzinali mu 1873. Pali bulimia nervosa, imene Gerald Russell anaifotokoza mu 1979: munthu amadya chakudya chambiri nthawi imodzi osatha kudzigwira, kenako manyazi ndi mantha zimamugwira, n'kukadzisanzitsa kapena kumwa mankhwala otsuka m'mimba. Ndiye pali kudya mosadziletsa kopanda kusanza, kumene nthawi zambiri kumathera m'kunenepa kwambiri. Bungwe la WHO linati mu 2019 anthu 14 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda a kadyedwe, ndipo pafupifupi 3 miliyoni mwa iwo anali ana ndi achinyamata. Onsewa ndi matenda a m'maganizo, ndipo amagwira anyamata omwe, ngakhale atsikana ndiwo ambiri. Mu 2011 Jon Arcelus ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 36, n'kupeza kuti wodwala anorexia ali pachiopsezo cha imfa chochuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi anzake amsinkhu umodzi. Mwa omwalirawo, mmodzi mwa asanu aliwonse anadzipha. Otsalawo anaphedwa ndi thupi lomwe, ndipo mtima umatenga gawo lalikulu pamenepa.

Zimene njala imachita ku mtima

Timaiwala kuti mtima ndi mnofu, monga wa pantchafu kapena pamkono. Thupi likasowa chakudya limayamba ndi shuga amene linasunga m'chiwindi, amene satha ngakhale masiku awiri. Kenako limadya mafuta. Mafuta akachepa limatembenukira ku minofu, ndipo silisiya mtima pambali. Zili ngati banja limene lasowa nkhuni: limayamba kuzula mpanda, mawa khola, mkuja layamba kusolola mitengo ya denga la nyumba imene likugonamo.

Zimenezi zinayesedwa mwadala. Mu 1944 ndi 1945, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili kumapeto, Ancel Keys wa pa yunivesite ya Minnesota ku America anatenga anyamata 36 athanzi amene anadzipereka okha, n'kuwachepetsera chakudya ndi theka kwa masabata 24. Cholinga chinali kudziwa mmene angadzathandizire anthu a ku Ulaya amene nkhondo inawagwetsa m'njala. Anyamatawo anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo. Mitima yawo inachepa kukula, ndipo kugunda kwake kunatsika kuchoka pafupifupi pa 55 kufika cha m'ma 35 pa mphindi. Panaonekanso chinthu china chimene makolo ayenera kuchimvetsa: anthu amene anayamba ali bwinobwino m'mutu anasanduka okwiyakwiya, odzipatula, ongolota za chakudya usana ndi usiku, ena mpaka kusonkhanitsa mabuku ophikira. Ndiye kuti njala payokha imapotoza maganizo. Mwana amene mukuti wauma mutu, mbali ina ya kuuma mutuko ndi njala yomweyo, ndipo sikungathe iye asanayambe kudya.

Kutsika kwa kugunda kwa mtimaku poyamba ndi nzeru za thupi. Limazimitsa zonse zimene lingathe kuti mphamvu zisathe msanga: kutentha kwa thupi kumatsika, msambo umasiya, BP imagwa, mtima umapita pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mtsikana wodwala anorexia angathe kuvala juzi ku Ngabu mwezi wa Okutobala, anzake akuthawira pansi pa mtengo wa nimu, manja ake ali zii ngati wachokera kumtsinje m'mawa wa Juni. Ena amamera tiubweya tofewa kumsana ndi m'masaya. Akadzuka msanga pamphasa amaona mdima, chizungulire chimamugwira, nthawi zina kugwa kumene, chifukwa magazi akulephera kufika kumutu m'nthawi yake.

M'kati mwa mtimamo zipinda zimafota, makamaka chipinda chamanzere cham'munsi chimene chimakankha magazi kupita thupi lonse. Tizitseko ta pakati pa zipinda sitifota nawo, choncho kena kamatsala kakakulu kuposa khomo lake n'kumapindikira kumbuyo mtima ukagunda. Ena madzi amasonkhana m'kathumba kamene kamakuta mtima. Zonsezi munthu sazimva, zimaoneka pa sikani yokha.

Chimene aliyense angachite pakhomo ndi kuwerenga kugunda kwa mtima. Ikani zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, muwerenge kwa mphindi yathunthu mukuyang'ana nthawi pafoni. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100. Kwa munthu wowonda amene sakudya, kutsika pansi pa 50 ndi chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala tsiku lomwelo. Malangizo amene madokotala a matenda a m'maganizo ku Britain anatulutsa mu 2022 amaika kugunda kosafika 40 munthu ali maso m'gulu la zoopsa kwambiri. Usiku munthu akagona umatsikanso kuposa pamenepo.

Pali msampha apa. Othamanga ndi osewera mpira enieni nawonso mitima yawo imagunda mochedwa, chifukwa ndi yamphamvu ndipo imakankha magazi ambiri pakugunda kumodzi. Choncho mtsikana wa netiboli amene akuwonda, akapezeka ndi 45, aphunzitsi ngakhalenso achipatala ena angathe kumuyamikira kuti ali fiti. Kusiyana kwake kumaoneka akaimirira kapena akayenda pang'ono: mtima wamphamvu umangokwera pang'ono, pamene wofooka umathamanga ngati wakwera phiri. Komanso munthu wowonda kwambiri amene mtima wake ukuthamanga ali chigonere, chimenecho si chizindikiro chabwino ayi. Kawirikawiri pali matenda ena alowa, kapena mtima wayamba kulephera.

Mchere wa m'magazi, umene umapha mwadzidzidzi

Kufota kwa mtima kumatenga miyezi. Chimene chimagwetsa munthu masana dzuwa likuswa mtengo ndi china.

Kugunda kulikonse kumayamba ndi kamphamvu ka magetsi kamene mtima umapanga wokha. Magetsiwo amachokera m'kulowa ndi kutuluka kwa mchere wamitundumitundu m'timaselo ta mtima: sodiyamu, kashiyamu, maginiziyamu, ndi wofunika kwambiri pankhani yathuyi, potaziyamu. Pafupifupi potaziyamu yense wa m'thupi amakhala m'kati mwa maselo, m'magazi mumangoyenda wochepa, ndipo muyezo wake uyenera kukhala pakati pa 3.5 ndi 5.0. Mpata wake ndi wopapatiza choncho. Ukatsika pansi pa 3 miyendo imalemera, minofu imakokana, mtima umayamba kudumpha. Ukafika pansi pa 2.5 moyo uli pachiswe.

Munthu akamadzisanzitsa amataya madzi ndi asidi wa m'mimba. Potaziyamu amene amatuluka m'masanzimo si wambiri. Chimene chimachitika n'chakuti impso, poyesa kusunga madzi ndi kukonza magazi amene asidi wawachepera, zimayamba kutaya potaziyamu mumkodzo. Ndiye kusanza kwa lero kumapitiriza kukhetsa mcherewo mawa. Mankhwala otsuka m'mimba amautaya kudzera m'chimbudzi. Ndipo apa pali chinsinsi chimene ogulitsa tiyi wochepetsa thupi pa WhatsApp ndi pa Facebook sanena: ambiri mwa matiyi amenewa ali ndi masamba a senna, amene amagwira ntchito m'matumbo aakulu, chakudya chitayamwidwa kale m'matumbo aang'ono. Chimene chimatsika pasikelo ndi madzi ndi mchere, mafuta ali pomwepo. Mawa thupi limagwira madzi pobwezera, munthu amadziona wafufuma, n'kuwonjezera makapu. Ena amafika pobera agogo mapiritsi a BP okodzetsa, monga HCT kapena Lasix, amenenso amakhetsa potaziyamu ndi maginiziyamu.

Mtima ukagunda umafuna kanthawi kochepa kokonzekera kugunda kwina. Pa pepala la ECG, makina ojambula magetsi a mtima, kanthawi kameneka madokotala amakayeza pa mzere umene amautcha QT. Potaziyamu ndi maginiziyamu zikachepa, QT imatalika, ndipo kugunda kosokera kukagwera m'kanthawi kameneko, zipinda zam'munsi zimayamba kuthamanga mosalongosoka osakankha magazi. Nthawi zina zimadzikonza zokha m'masekondi ochepa, munthu n'kungokomoka n'kutsitsimuka. Nthawi zina sizidzikonza. Achibale amadzati munthu anali bwinobwino, anangogwa pamjigo, ndipo maliro asanathe ayamba kale kulozana zala.

Ine chimene ndimaona kuti n'choopsa kwambiri pa bulimia n'chakuti wodwalayo nthawi zambiri sawonda. Thupi lake ndi labwinobwino, mwinanso lodzaza. Palibe amene angamukayikire. Zizindikiro zake n'zobisika: amanyamuka kupita kuchimbudzi akangomaliza kudya, masaya amatupa m'munsi mwa makutu moti ena amayesa matsagwidi, mano amadyeka chakumkati chifukwa cha asidi, ndipo kuseri kwa zala kumakhala zipsera za mano ake omwe. Vuto silithera pa tsiku la kukomoka. Ku Quebec m'dziko la Canada anatsatira amayi oposa 400,000 kwa zaka zofika 12, n'kupeza kuti amene anagonekedwapo m'chipatala chifukwa cha bulimia anadwala matenda a mtima ndi mitsempha mochuluka kuposa kanayi poyerekeza ndi anzawo. Ku America anthu ambiri anadzidzimuka ndi nkhaniyi mu 1983, pamene woimba Karen Carpenter anamwalira ndi mtima ali ndi zaka 32, atavutika ndi anorexia kwa zaka zambiri.

Tsopano muike zonsezi m'chigwa chathu. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40 ku Nsanje, Bangula, Ngabu ndi Nchalo. Munthu amatuluka thukuta atangokhala, kuli bwanji amene akupalasa njinga kapena akudula nzimbe. Madzi akasefukira zitsime zimaipa, kutsegula m'mimba kumabwera, ndipo mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 sunatilambalale. Kolera payokha imakhetsa potaziyamu kwambiri, n'chifukwa chake mu Thanzi ORS anaikamo mcherewu. Munthu amene potaziyamu wake anali kale m'mphepete chifukwa chodzisanzitsa, kutsegula m'mimba kwa masiku awiri kumene mnzake angakupirire kungathe kumumaliza.

Mankhwala nawo ali ndi mbali yawo. Alipo ambiri odziwika bwino amene amatalikitsa QT pang'ono: kwinini, LA wa malungo, erythromycin, cipro, amitriptyline, haloperidol. Kwa munthu wabwinobwino nthawi zambiri palibe vuto, ndipo wina asamve molakwa n'kusiya LA, chifukwa malungo amapha msanga kuposa zonsezi. Nkhani ndi yakuti wopereka mankhwala ayenera kudziwa kuti wodwalayu amadzisanzitsa kapena akumwa tiyi wotsuka m'mimba, kuti asankhe bwino ndi kumuyang'anira. Sangalote yekha.

Ngozi ya tsiku loyamba kudya

Mayi aliyense amene anagonapo ku NRU, wodi ya ana onyentchera, amakumbukira kudandaula kwa masiku oyamba. Mwana wabwera ali mafupa okhaokha, koma anamwino akumupatsa mkaka wamadzimadzi, pang'onopang'ono, maola awiri kapena atatu aliwonse, usiku womwe. Chiponde sichinabwere. Diripi akukana kumuika pokhapokha zitafika poipa. Agogo ali panja akung'ung'udza kuti achipatala akuumira. Si kuumira. Mkaka woyambawo, F-75, anaupanga dala kuti ukhale wopepuka, wochepa sodiyamu koma wokhala ndi potaziyamu ndi maginiziyamu. Ngakhale madzi obwezera m'thupi, mwana wonyentchera kwambiri amamupatsa akeake, ReSoMal, ochepa sodiyamu. Chifukwa chake ndi mtima: wafota, ndipo ukaunjikiridwa madzi ndi chakudya nthawi imodzi umalephera.

Chimodzimodzi wodwala anorexia wa zaka 17 kapena 30. Thupi limene lakhala nthawi yaitali osalandira chakudya limakhala litazimitsa insulini. Shuga akalowa wambiri mwadzidzidzi, insulini imatuluka yambiri, n'kukankhira shugayo m'maselo pamodzi ndi fosifeti, potaziyamu ndi maginiziyamu. M'magazi mcherewu umagwa tsiku limodzi kapena awiri. Fosifeti ndi amene maselo amapangira mphamvu, ndiye akasowa, mnofu wa mtima ndi minofu yopumira zimafooka. Insulini yomweyo imauza impso kuti zigwire mchere ndi madzi, magazi amachuluka, mtima wofotawo umalemedwa, madzi amadzaza m'mapapo ndi m'miyendo. Vitamini B1, amene amafunika powotcha shuga, nayenso amatha msanga, ndipo kusowa kwake pakokha kumalepheretsa mtima ndi kusokoneza ubongo. Madokotala anaziona bwino zimenezi kumapeto kwa nkhondo yachiwiri, pamene akaidi ena amene anapirira njala ya m'misasa anafa atamasulidwa, m'masiku oyamba a kukhuta.

Ndiye taganizani mmene timachitira ife ndi wodwala. Mwana wavomera kudya patapita masabata, nyumba yonse yasangalala. Azakhali abwera ndi Fanta, amalume agula Sobo ndi buledi, amayi aphika phala lothira shuga wambiri, madzulo aphera nkhuku. Chikondi chokhachokha, koma ndi njira yeniyeni yoitanira ngoziyi. Pakapita masiku awiri kapena atatu mapazi atupa, akupuma movutika, akulankhula zosamveka. Ndipo kutupa kwa mapazi kwa munthu wowonda kuno kuli ndi dzina lake kale. Akuluakulu amati tsempho, n'kuyamba kufufuza amene anathira mchere m'ndiwo asanayenere, m'malo mothamangira kuchipatala.

Wina asatengepo phunziro lakuti ndi bwino kumusiya adzidya tochepa. Kumupatsa chakudya chochepetsetsa kwa nthawi yaitali nakonso kumapha, ndipo masiku ano madokotala ambiri amayamba ndi chakudya chochulukirapo kuposa mmene ankachitira kale, bola akuyeza magazi pafupipafupi ndi kupereka vitamini B1 ndi mchere wosowawo. Mfundo ndi yakuti munthu amene wawonda kwambiri, kapena amene watha masiku asanu kapena kuposa osadya chilichonse cholozeka, sabata yake yoyamba ya kudya ikhale m'manja mwa achipatala.

Chifukwa chake sitiwaona

Kwathu kuno kunenepa ndi ulemu. Mkazi akanenepa timati akusungidwa bwino. Kuwonda kuli ndi matanthauzo ake okonzeratu: umphawi, chifuwa chachikulu, kachilombo, shuga, kulodzedwa. Mtsikana akayamba kutha thupi amamutengera kukayezetsa magazi, zimene zili zoyenera ndithu. Zotsatira zikatuluka zabwino, makhololo alibe TB, ulendo umakhotera kwa asing'anga kapena kumapemphero. Funso lakuti kodi iyeyo akuchiona bwanji chakudya silifunsidwa.

Ndipo si onse odwala anorexia amene amanena kuti akuopa kunenepa. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2004, wochitika pakati pa atsikana a sekondale ku Ghana, anapeza ochepa amene anali owonda kwambiri chifukwa chodzimana okha. Iwo sankakamba za maonekedwe. Ankakamba za kusala kudya ndi kudziletsa pamaso pa Mulungu. Apa pafunika kuyenda mosamala, chifukwa kusala kudya n'chinthu chopatulika kwa Akhristu ndi Asilamu omwe, ndipo ochuluka amasala n'kumasula popanda vuto. Koma abusa ndi amayi a mvano ndi amene ali pamalo abwino ozindikira mwana amene kusala kwake kulibe tsiku lomasula, amene akamaliza masiku atatu awonjezera asanu ndi awiri, amene akadya amadzimva wochimwa. Kusala kosamwa ngakhale madzi m'nyengo yotentha ya kuno, kwa munthu wowonda kale, ndi kusewera ndi mtima.

Zoti maganizo a anthu pa thupi sangasinthe, a ku Fiji, dziko la zilumba za m'nyanja ya Pacific, ankaganizanso choncho. Kumeneko thupi lodzaza linkalemekezedwa monga kwathu. Wailesi yakanema inafika m'dera la Nadroga mu 1995. Anne Becker ndi anzake atafunsa atsikana asukulu chaka chimenecho, panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadzisanzitsa kuti achepetse thupi. Pofika 1998 anali oposa 11 pa 100 aliwonse. Zaka zitatu zokha, ndipo imeneyo inali TV imodzi pabalaza. Lero mwana wa ku Makhanga kapena ku Chapananga amene wapeza foni ndi bandulo ya K500 amaona matupi osefedwa a TikTok ali yekha m'neti. Kusukulu zogonera komweko, kumene palibe mayi woona kuti mbale yabwerera yodzaza, n'kumene zinthu zotere zimakulira mosavuta.

Palinso mbali inayo, imene kuno mwina ndi yofala kuposa kudzimana. Atsikana ndi amayi ena amagula mapiritsi ndi timabotolo tonenepetsa kuti atuluke mahipi, ndipo ena mwa mankhwalawa ndi dexamethasone kapena prednisolone, amene akamwedwa miyezi amakweza BP ndi shuga, amatupitsa nkhope, n'kutsitsa potaziyamu yemwe uja. Amene ali ndi vuto la kudya mosadziletsa mtima wawo umawonongeka mwa njira yapang'onopang'ono ya kunenepa, shuga ndi BP, m'dziko limene kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 ali ndi BP yokwera. Ndipo kudya dothi, kumene amayi oyembekezera ambiri amakuona ngati chilakolako wamba, kukapitirira nakonso madokotala amakuwerengera m'matenda a kadyedwe. Kawirikawiri kumayenda ndi kuchepa kwa magazi, ndipo magazi akachepa kwambiri mtima umathamanga usana ndi usiku kuti ukwanitse ntchito mpaka kutopa.

Kuchipatala, ndi pambuyo pake

Zipatala zing'onozing'ono za kumidzi zimatha kuyeza sikelo, BP, kugunda kwa mtima ndi shuga, ndipo zimenezi zokha zimanena zambiri, makamaka BP ndi kugunda zikayezedwa munthu atagona kenako ataimirira. Kuyeza potaziyamu ndi kujambula ECG kumafuna chipatala chachikulu, ndiye muyembekezere kutumizidwa ku Nsanje kapena ku Chikwawa paboma, mwinanso kukwera mapiri a Thabwa kupita ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kukomoka, kupweteka pachifuwa, mtima wodumphadumpha, kupuma movutika, kutupa mapazi kapena kufooka kwa miyendo mwadzidzidzi kwa munthu amene sakudya kapena amadzisanzitsa, zimenezo si zodikira kuti kuche. Ndipo mukafika nenani zoona zake mosazungulira: “Adokotala, mwanayu chakudya chilipo koma sakudya, ndipo akadya amakasanza dala.” Tengani paketi ya tiyi kapena mapiritsi amene mwawapeza m'chikwama. Mukangoti akumva chizungulire, mubwerera ndi panado.

Nthochi, mbatata, nyemba, khobwe, bonongwe ndi malambe zili ndi potaziyamu wambiri, ndipo n'zabwino pa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Koma sizingathamangitsane ndi kusanza kwa katatu pa tsiku. Komanso musagule mapiritsi a potaziyamu pa nokha, chifukwa akachuluka m'magazi amaimitsa mtima chimodzimodzi, makamaka impso zikakhala zofooka.

Mtima umachira. Munthu akabwerera pa kulemera koyenera n'kusiya kusanza, kugunda kumakwera m'masabata ochepa, mnofu umabwerera m'miyezi, madzi a m'kathumba aja nthawi zambiri amaphwa okha popanda kuwapopa. Chovuta ndi mutu. Kwa achinyamata, njira imene yaonetsa zotsatira zabwino ndi imene inayambira pa chipatala cha Maudsley ku London: makolo saimbidwa mlandu, koma amapatsidwa udindo wa chakudya cha mwanayo kwa kanthawi. Iwo ndiwo amasankha chophika ndi kuchuluka kwake, amakhala naye mpaka amalize, osakalipa komanso osagonja, ndipo amakhala naye ola lathunthu akamaliza kuti asapite kuseri. Kwa mabanja a kuno amene amadyera pamodzi kale, zimenezi si zachilendo, kungoti wodwalayo ayenera kukhala ndi mbale yakeyake, chifukwa m'mbale ya gulu n'zosavuta kutema mbamu imodzi n'kumaizunguza m'manja mpaka ena amalize. Kwa akuluakulu ndi odwala bulimia, uphungu wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi zizolowezi ndiwo umatsogola, ndipo nthawi zina amawonjezera mankhwala a fluoxetine. Zipatala za paboma zili ndi anamwino kapena madokotala oona za matenda a m'maganizo, ndipo iwo angathe kutumiza wodwala ku Queen Elizabeth kapena ku Zomba ngati pakufunika. Kupita kumeneko sikutanthauza misala.

M'miyezi yoyamba ya kuchira, mpira, kuthamanga, kupalasa njinga mtunda wautali ndi kusenza ndowa padzuwa ziyambe zaima mpaka achipatala ataona kuti kugunda kwa mtima ndi mchere wa m'magazi zakhazikika. Kutupa pang'ono kwa mapazi ndi kufufuma kwa mimba kumachitika kwa ambiri amene angosiya mankhwala otsuka m'mimba kapena okodzetsa, chifukwa thupi linazolowera kugwira madzi. Kumatha pakapita masabata angapo, koma wodwala ayenera kuuzidwa zimenezi zisanachitike, chifukwa akadzidzimuka nazo yekha amaganiza kuti wanenepa, ndipo ambiri amabwerera ku mapiritsi aja pa nthawi imeneyi.